Mutu 8: Kusankha Laputopu Yokhalitsa ya Linux

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kwa zaka khumi. Wofuna kupitiriza kulandira zigamba zotseka mipata yolowera akuba a pa intaneti adayenera kulowa m'dongosolo lapadera la kanthawi, apo ayi asamukire ku Windows 11. Koma Windows 11 ndi yosankha. Imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo imakana pafupifupi mapurosesa onse a Intel a m'mbuyo mwa m'badwo wa 8, ndiye kuti makina ambiri omwe adagulidwa chaka cha 2018 chisanafike. Makinawa sadafe ayi. Amayaka, amalemba, amalowa pa intaneti. Adangowerengedwa m'gulu la nkhalamba, ndipo makampani a ku Ulaya ndi ku America, omwe sangalole kompyuta yopanda chitetezo mu ofesi, akhala akuwatulutsa. Ena mwa makina otere ndi amene amatipeza m'mashopu a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, atapukutidwa bwino ngati atsopano.

Linux ilibe tsankho limeneli. Adaiyambitsa mu 1991 ndi Linus Torvalds, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, ndipo idaphatikizana ndi mapulogalamu a GNU, ntchito yomwe Richard Stallman adailengeza mu 1983. Chosiyanitsa chake n'chakuti zonse zomwe akatswiri adalemba poipanga zili poyera. Aliyense angathe kuziwerenga, kuzikonza ndi kugawira anzake popanda kulipira laisensi. N'chifukwa chake ilipo mitundumitundu. Debian idabadwa mu 1993. Ubuntu, yomangidwa pa Debian, adaiyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Linux Mint idadza mu 2006, ndipo ndi imene munthu wozolowera Windows sasochera nayo kwenikweni. Koma mutu uno sukunena za kusiyana kwa mitunduyi. Ukunena za makina omwe mudzaikemo Linuxyo.

Munthu akamva kuti Linux imayenda pa kompyuta iliyonse, amaganiza zongotola yotchipa iliyonse. Imayakadi pa makina ambiri. Koma kuyaka n'kwina, kugwira ntchito zaka zisanu osakulizani n'kwinanso. Laputopu yokhalitsa ndi imene imatseguka ndi sikuludilaiva wamba, zipangizo zake zimapezeka, ndipo zam'kati mwake Linux idazizolowera kale. Kunyezimira kwa chivundikiro, kupepuka kwake, ngakhale dzina lalikulu la purosesa, zonsezo zibwere pambuyo.

Makina a mu ofesi

Makampani akuluakulu opanga malaputopu amatulutsa magulu awiri a makina, ngakhale dzina la pachivundikiro limakhala limodzimodzi. Pali makina ogulitsa kwa munthu wamba, monga Lenovo IdeaPad, Dell Inspiron, HP Pavilion ndi Acer Aspire. Ndiye pali opangira mabanki, maofesi a boma ndi mabungwe ogula mazanamazana nthawi imodzi, monga Lenovo ThinkPad, makamaka za T ndi X, Dell Latitude ndi HP EliteBook. Munthu wamba amakopeka ndi mtengo ndi maonekedwe, ndipo makina akawonongeka amalira yekha kunyumba kwake. Bungwe logula makina ochuluka lili ndi amisiri akeake, limasainirana pangano la zaka zingapo, ndipo likaona kuti makinawo akuphwanyika msanga, ulendo wotsatira limakagula kwina. Wopanga amadziwa amene ayenera kumuopa.

Kusiyanaku mukuona bwino pa mahinje. M'makina otchipa, hinje yachitsulo imamangidwa ndi timasikuluu tolowa m'timikuwa tomwe tidangomizidwa m'pulasitiki. Pakapita nthawi hinje imalimba, mphamvu yonse yotsegulira imathera pa pulasitikiyo, ndipo tsiku lina mukutsegula mumangomva kuti thyo! Kona yang'ambika. Chingwe chopita ku sikirini chimadutsa pomwepo, choncho posakhalitsa sikirini nayo imayamba kuphethira. Amisiri amayesa kumata ndi guluu, koma nthawi zambiri pamang'ambikanso. M'makina a mu ofesi, hinje imagwira pa chimango cholimba, kawirikawiri cha magnesium kapena aluminiyamu. Ambiri ali ndi kiyibodi yosalowa madzi msanga, ndipo ma ThinkPad ambiri ali ndi timabowo pansi totulutsira tiyi amene watayikira pa mabatani asanafike pa bodi.

ThinkPad njoyenera kuikamba pang'ono, chifukwa dzina lake silisowa anthu a Linux akakumana. Idatuluka koyamba mu 1992 kuchokera ku IBM. Maonekedwe ake, kabokosi kakuda kopanda zokongoletsa, adawalinganiza ndi Richard Sapper potengera bokosi lonyamuliramo chakudya la ku Japan. Kabatani kofiira kali pakati pa kiyibodi, koyendetsera muvi chala chisanachoke pa zilembo, kalipo mpaka lero pa mitundu yambiri. Mu 2005 Lenovo ya ku China idagula nthambi ya IBM yopanga makompyutawa n'kupitiriza dzinalo. Ma ThinkPad agwiritsidwapo ntchito zaka zambiri mu International Space Station, ndipo otsatsa malonda amakonda kutikumbutsa zimenezo.

Koma kwa munthu wa ku Mchinji kapena ku Chipata, chofunika si ulendo wa kumwambawo. Chofunika n'chakuti Lenovo imatulutsa kwaulere buku la amisiri la mtundu uliwonse wa ThinkPad, lotchedwa Hardware Maintenance Manual. M'bukumo muli zithunzi zosonyeza sikuluu yoyamba kumasula, chingwe choyenera kusamala nacho, ndi momwe chilichonse chimatulukira. Chipangizo chilichonse chili ndi nambala yake, moti wofuna fani kapena kiyibodi yatsopano amangotumiza nambalayo kwa m'bale wake wa ku Johannesburg kapena ku Birmingham, osachita kulongosola. Dell ndi HP nawonso amatulutsa mabuku otere a Latitude ndi EliteBook. Chinanso n'chakuti akatswiri ambiri olemba Linux amagwiritsa ntchito ThinkPad pa ntchito yawo, ndiye china chikavuta amayamba kuchimva ndi iwo eni, n'kuchikonza. Mu 2020 Lenovo idayamba kugulitsa ma ThinkPad ena ali ndi Linux ya Fedora kapena ya Ubuntu kuchokera ku fakitale. Dell idayamba kale kugulitsa makompyuta okhala ndi Ubuntu mu 2007.

Wakabaza sasankha njinga poona utoto. Amafuna ija yomwe sipoko, tcheni ndi mabelingi ake amapezeka pamsika uliwonse, imene m'misiri wa pansi pa mtengo angaikonze iye akudikira. Laputopu ya mu ofesi ndi yotero. Poti idagulitsidwa yambiri padziko lonse, imene yafa imasanduka nkhokwe ya zipangizo za inzake. Laputopu yokongola yomwe m'tauni yonse muli imodzi yokha, sikirini yake ikasweka, nkhani yathera pomwepo.

Mudzaonanso otsatsa akulemba kuti makina awo adayesedwa pa muyeso wa asilikali wa MIL-STD-810. Muyesowu ulipodi, ndi wa asilikali a ku America, ndipo umakhudza kutentha, fumbi, chinyezi, kugwedezeka ndi kugwa. Koma wopanga ndiye amasankha mayeso oti achite, ndipo palibe msilikali amene amabwera kudzadinda chidindo. Ndi chizindikiro chabwino, osati lonjezo. Makina opangidwiradi kumenyedwa ndi mvula, monga Panasonic Toughbook, ndi olemera komanso okwera mtengo, ndipo ambiri a ife sitiwafunikira.

Ndikafunsidwa dzina limodzi, ndimatchula ThinkPad T480 ya mu 2018. Kawirikawiri ili ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8, malo awiri olowetsamo RAM, ndi mabatire awiri: lina m'kati, lina lakunja lomwe mungalichotse n'kuika linzake makina ali chiyakire. Kumene magetsi amathimathima, zimenezi ndi chuma. Ili ndi chilema chake. Mtunduwu, pamodzi ndi ma ThinkPad ena a zaka zimenezo, udali ndi vuto pa kachipangizo koyendetsa malo a USB-C ndi Thunderbolt, ndipo Lenovo idatulutsa firmware, kapulogalamu ka m'kati mwa kachipangizoko, yokonza vutolo. Mukagula, ikani firmware imeneyi musanachite china chilichonse. Dell Latitude 5490 ndi HP EliteBook 840 G5 ndi anzake a msinkhu umodzi, ndipo nawonso ali ndi malo awiri a RAM. Dzina lokha lisakunamizeni: ThinkPad X1 Carbon, ngakhale ndi yabwino ndi yopepuka, RAM yake ndi yowotcherera pa bodi. Imene mwaipeza ndi imene mudzakalambe nayo.

Zam'kati zomwe zimakana

Chipangizo chilichonse cha mu kompyuta chimafuna kapulogalamu kokhala pakati pa icho ndi Linux, komwe amisiri amakatcha dalaivala. Pa Windows, wopanga chipangizo ndiye amalemba dalaivalayo. Pa Linux, madalaivala ambiri ali kale m'kati, ndipo mukangoika, zonse zimangogwira. Izi zimatheka ngati wopanga chipangizo adathandiza kulemba, kapena adaulula momwe chipangizo chake chimagwirira ntchito. Akabisa, anthu ongodzipereka amachita kufufuza mumdima, ndipo zotsatira zake zimakhala za mwayi.

Wi-Fi ndiye imakhumudwitsa anthu ambiri pa tsiku loyamba. Makhadi a Intel amagwira popanda kuwapempha, chifukwa Intel imalemba yokha madalaivala a Linux. A Qualcomm Atheros nawonso sakonda kuvuta. A Broadcom ali ndi mbiri yoipa: ambiri amafuna dalaivala wapadera woti mukamutenge pa intaneti, pamene intanetiyo ndi imene mulibe. A Realtek ena amagwira, ena amadukaduka. Mukakodwa mumsampha umenewu, lumikizani foni yanu ku laputopu ndi chingwe cha USB, n'kuiuza foniyo kuti igawireko intaneti. Linux imaizindikira nthawi yomweyo, ndipo mumatenga dalaivala uja. Komanso m'makina ambiri a mu ofesi, khadi la Wi-Fi limachoka ndi sikuluu imodzi, moti mungaikemo la Intel. Chenjerani ndi ma ThinkPad ndi ma HP akale ndithu, omwe BIOS yake, kapulogalamu koyamba kugwira ntchito makina akayatsidwa, imakana khadi lililonse lomwe silili pa mndandanda wa kampani.

Chachiwiri ndi graphics, chipangizo chojambula zomwe mukuona pa sikirini. Za Intel ndi za AMD zili ndi madalaivala osabisa, ndipo zimayenda bwino. Nvidia idakhala zaka zambiri ikubisa zake, mpaka mu 2012 Torvalds adaidzudzula pagulu, molankhula ndi manja omwe, pa yunivesite ya Aalto ku Finland. Zinthu zasinthako, ndipo mu 2022 kampaniyi idatsegula gawo lina la madalaivala ake. Komabe laputopu yokhala ndi graphics ziwiri, ya Intel ndi ya Nvidia, imadya batire, imatentha, ndipo ndi imene imakonda kudzuka ndi sikirini yakuda pambuyo pa kusintha kwa mapulogalamu. Ngati simukonza mafilimu, kujambula mapulani a nyumba kapena kusewera magemu olemera, simukuifuna. Wogulitsa adzaitchula ngati mphatso yowonjezera. Kwa inu ndi katundu.

Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti pa Linux, makina atsopano kwambiri ndi amene amavuta. Mtima wa Linux, womwe amautcha kernel, umatuluka watsopano pafupifupi masabata 9 kapena 10 aliwonse, koma mitundu yokhazikika ngati Debian siithamangira kusintha. Laputopu yotuluka mwezi watha ingakhale ndi kamera, masipika kapena khadi la Wi-Fi lomwe kernel yanu sidalimvepo. Makamera ena a m'malaputopu atsopano a Intel adatenga nthawi yaitali asanayambe kugwira. Laputopu ya zaka zitatu kapena zisanu mavuto ake adapezeka kale, ndipo ambiri adakonzedwa. Apa wogula zakaunjika ali pabwino kuposa wogula m'katoni.

Pali makina ena oti woyamba kumene angowalambalala. Ma MacBook a Apple okhala ndi purosesa ya M1, yomwe idatuluka mu 2020, ndi otsatira ake, amafuna Linux yapadera ya gulu la Asahi Linux, ndipo si zonse zomwe zimagwira. Ma MacBook a Intel okhala ndi kachipangizo ka T2 nawonso amafuna kernel yokonzedwa mwapadera. Ma Chromebook amatchipa, koma kuti muikemo Linux yeniyeni mumayenera kusintha firmware, ndipo malo ake osungira zinthu ndi ochepa. Chowerengera chala pa malaputopu ambiri chimagwira mwa apo ndi apo. Musagule kapena kukana makina chifukwa cha icho.

Musanapite kukagula, lembani dzina lonse la mtundu womwe mukufuna n'kufufuza. Canonical, kampani yopanga Ubuntu, ili ndi mndandanda wa makina omwe idawayesa n'kuwavomereza. Onaninso ngati makinawo ali pa LVFS, njira yomwe Dell, Lenovo ndi ena amatumizira BIOS yatsopano kwa anthu a Linux. Popanda iyo, nthawi zina mumafuna Windows kuti mungokonza BIOS.

Manambala omwe ogulitsa amaimba

"Iyi ndi i7, bwana." Mawuwa agulitsa makina okalamba ambiri. Dzina lakuti i3, i5 kapena i7 silinena za msinkhu wa purosesa. Msinkhu uli pa nambala yotsatira. Mu i5-8250U, 8 woyambayo ndiye m'badwo. Mu i7-7500U ndi 7, ndipo mu i5-10210U ndi 10. Tsono i7-7500U ili ndi mitima iwiri yogwirira ntchito, pamene i5-8250U ili ndi inayi. Pa ntchito zambiri, i5 imeneyi imaisiya i7 ija kumbuyo. Makina a m'badwo wa 6 kapena 7 amayendabe bwino ndi Linux, ndipo mtengo wake uyenera kutsika poti Windows 11 idawakana. Kungoti musawalipire ngati atsopano. Mapurosesa a AMD Ryzen nawonso ndi abwino. Zopewa ndi ma Celeron ndi Pentium okhala ndi chilembo N, omwe amapezeka m'timalaputopu tatsopano totchipa, tija tokhala ndi RAM ya 4 GB yowotcherera ndi malo osungira a eMMC a 32 kapena 64 GB. Timeneti timaoneka bwino m'katoni, koma n'tofooka chibadwire, ndipo mulibe choti musinthe.

Ubuntu 24.04 imafuna RAM yosachepera 4 GB. Imayakadi, koma mukatsegula masamba angapo a intaneti imayamba kupuma movutika. Yambirani pa 8 GB, ndipo pakhale malo owonjezera kufika 16. Makina akale a 4 GB apatseni mitundu yopepuka ngati Xubuntu, Lubuntu kapena Linux Mint ya Xfce.

Pa zosungira zinthu palibe zokambirana: SSD. Hadidisiki yakale ili ndi timbale tozungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamutu kowerenga koyandama pamwamba pake. Kugwedeza laputopu ikuyaka, kapena kuigwetsa, kungathe kupha mafayilo anu onse. SSD ilibe chozungulira, siopa mabampu a msewu wafumbi, ndipo imafulumizitsa makina akale kuposa china chilichonse chomwe mungagule. Laputopu yabwino yokhala ndi hadidisiki musaikane. Tsitsani mtengo, mukaikemo SSD ya 256 GB kapena kuposa.

Sikirini anthu amaiiwala, chonsecho ndi imene maso adzakhalepo tsiku lonse. Makampani ambiri ankagulira antchito awo makina olimba koma a sikirini yotchipa ya 1366 x 768, yomwe mitundu yake imazilala mukangopendeka mutu. Funani ya IPS ya 1920 x 1080. Kiyibodi nayo muiyang'ane, chifukwa makina ochokera ku Germany kapena ku France zilembo zake zidasanjidwa mosiyana. Linux mungaiuze kuti itsate kasanjidwe kalikonse, koma zolembedwa pa mabatani zidzakusokonezanibe. Kwa olemba Chichewa pali kabwino kena: mukasankha batani limodzi kukhala la Compose, kulidina n'kutsatiza ^ ndi w kumatulutsa ŵ, popanda kuika pulogalamu ina.

Batire, fumbi ndi chaja

Batire la laputopu ndi chinthu chotha, ndipo la makina akaunjika limabwera litatopa kale. Chofunsa si chakuti lili bwino kapena ayi, koma latsala ndi mphamvu yochuluka bwanji, ndipo lina lingapezeke kuti. Mabatire a lithium amakalamba msanga ndi zinthu ziwiri, kutentha ndi kukhala odzaza mpaka pakamwa nthawi zonse. Ma ThinkPad ndi ma Latitude ambiri amalola kuti muwauze kusiya kutchaja pa 80 peresenti, kudzera mu BIOS kapena pulogalamu ya TLP. Koma apa muyese nokha moyo wanu. Ngati kwanu magetsi amapita maola ambiri, 20 peresenti yotsalayo mukuifuna lero kuposa mawa. Batire likatupa, lomwe mumalizindikira poona touchpad itatukuka kapena pansi pa makina posakhazikika, lichotsedwe msanga. Lingayake moto.

Mu Okutobala, ku Chikwawa kapena m'mbali mwa nyanja, laputopu imayamba ntchito itatentha kale. Fani imakoka mpweya pamodzi ndi fumbi, ndipo fumbilo limaundana pa timapepala tachitsulo totulutsira kutentha mpaka kutseka njira. Purosesa ikatentha imadzichepetsa liwiro, ikapitirira imazima. Mankhwala ake ndi kutsegula pansi kamodzi pachaka, kuchotsa fumbi, ndipo pakapita zaka kusintha phala lopaka pa purosesa. Pa makina a mu ofesi ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Pa makina ena mumachita kuchotsa kiyibodi ndi bodi yonse kuti mufike pa fani, ndiye palibe amene amaichita, ndipo makinawo amapsa pang'onopang'ono. Musamaikenso laputopu pa bulangeti kapena pa matiresi, chifukwa mpweya umalowera pansi.

Chaja yachinyengo yapha mabodi ambiri. Machaja enieni amalandira magetsi kuyambira 100 mpaka 240 V, choncho a ku America amagwira pa magetsi athu a 230 V mukangosintha chingwe cha kukhoma. Abodza mumawadziwa ndi kupepuka ndi kutentha kwake. Machaja ozungulira a Dell ali ndi kawaya pakati kouza laputopu mphamvu ya chajayo. Kakathyoka, kapena chaja ikakhala yabodza, makinawo amakana kudzaza batire ndipo amayenda mwaulesi, mwini wake n'kumaganiza kuti Linux ndiyo yalakwa. Magetsi akathima, zulani chaja kukhoma, chifukwa pobwera nthawi zina amadza ndi ukali. Nyengo ya ziphaliwali chitani chimodzimodzi.

Nanga zatsopano?

Alipo makampani ogulitsa malaputopu opangidwira Linux. System76 ya ku Denver ku America ili ndi Linux yakeyake ya Pop!_OS. Tuxedo ili ku Augsburg ku Germany, Star Labs ku England, Slimbook ku Spain. Framework, yomwe idatulutsa laputopu yake yoyamba mu 2021, idafika patali pa nkhani yokonzeka: imabwera ndi sikuludilaiva m'katoni, ndipo chilichonse, ngakhale bodi, chimasinthika. Kwa amene ali ku Britain kapena ku America, awa ndi makina oyenera kuwaganizira. Kwa amene ali ku Zomba kapena ku Tete, funso ndi lakuti kiyibodi ikafa, ina ichokera kuti, idzafika liti, ndipo msonkho wake ukhala wotani. Latitude yakale imene m'misiri wa m'tauni mwanu ali ndi inzake yakufa pa shelefu ingakutumikireni bwino kuposa makina apamwamba omwe zipangizo zake zili kutsidya kwa nyanja.

Ndipo musanawononge ndalama, dzifunseni ngati ntchito yanu ingachitike pa Linux. LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale kuti makalata okhala ndi zokongoletsa zambiri nthawi zina amasokonekera. Firefox, Chrome, VLC ndi Zoom zilipo. Koma Microsoft Office yoika pa kompyuta, Adobe Photoshop ndi AutoCAD sizidapangidwire Linux. Ngati chakudya chanu chimachokera pa imodzi mwa zimenezi, gulani makina a m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kuti muthe kusunga Windows 11 pambali pa Linux.

Tsiku logula

Linux ili ndi mwayi umodzi womwe wogula aliyense ayenera kuugwiritsa ntchito: imayaka kuchokera pa fulashi, osakhudza chilichonse chili m'kompyuta. Tengani fulashi ya 8 GB, muikemo Linux Mint kapena Ubuntu pogwiritsa ntchito Rufus, balenaEtcher kapena Ventoy. Mint ndi pafupifupi 3 GB, Ubuntu yatsopano imayandikira 6 GB, choncho amene bandulo yake ndi yowerengera angakope kwa mnzake, laisensi imalola. Mu shopu, lowetsani fulashi, yatsani makina, n'kudina F12 pa Lenovo ndi Dell, kapena F9 pa HP, kuti musankhe kuyakira pa fulashiyo.

Ikayaka, musafulumire. Lumikizani Wi-Fi, ngakhale ya foni yanu. Imbani nyimbo pa masipika ndi pa mahedifoni. Yatsani kamera. Tsegulani polembera mudine batani lililonse, limodzilimodzi. Lowetsani fulashi ina pa malo onse a USB. Onetsani tsamba loyera, kenako lakuda, muone ngati sikirini ili ndi madontho kapena mizere. Tsegulani ndi kutseka chivundikiro mukumvetsera mahinje. Kenako chitsekeni, dikirani mphindi imodzi, mutsegulenso. Makina ayenera kugona ndi kudzuka, Wi-Fi n'kubwerera yokha. Laputopu yosagona bwino imadzadzuka yokha m'chikwama n'kumadziwotcha muli mu minibasi.

Mu Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, lamulo la lspci limatchula dzina lenileni la khadi la Wi-Fi ndi graphics, ndipo lscpu limanena purosesa yomwe ilimo, kaya chomata cha panja chikuti chiyani. Lamulo la upower limaonetsa mphamvu yomwe batire lidabadwa nayo ndi yomwe latsala nayo. Yatsala theka, mtengo wa batire latsopano uchotsedwe pa mtengo wa laputopu. Zulani chaja muone ngati makina sazima. Ngati Linux siikuona SSD, nthawi zambiri si kuti yafa: BIOS idaikidwa pa RAID kapena Intel RST, ndipo iyenera kusinthidwa kupita pa AHCI.

Lowaninso mu BIOS momwemo, ndi F1 pa ThinkPad, F2 pa Dell, F10 pa HP. Ikapempha pasiwedi yomwe wogulitsa saidziwa, isiyeni laputopuyo ngakhale itatchipa bwanji. Pa ThinkPad, njira yomwe Lenovo imavomereza yochotsera pasiwedi yaikulu yoiwalika ndi kusintha bodi yonse. Pasiwedi yotere ingasonyezenso kuti makinawo adachoka kwa eni ake mosatsanzika, ndipo kulandira katundu wobedwa ndi mlandu.

Wogulitsa amene katundu wake ndi wabwino sakana kuyesaku, chifukwa fulashi siisintha kanthu m'makina ake. Akakana, kapena akayamba kukufulumizitsani kuti pali wina akuifuna, pitani shopu ina. Mukakhutira, risiti ilembedwe nambala ya makinawo monga ikuonekera pansi pake ndi mu BIOS, ndipo mugwirizane masiku obwezera musanatulutse ndalama.